Lease yowerengera ikubwera ndi EAGAIN pa Linux: kernel imadziwa bwanji kuti pali wolemba?

Limbani
Moni nonse. Ndili ndi kapulogalamu ka C kamene kamasunga m'memory zimene kawerenga m'mafayilo a config, kuti kasamabwerere ku disiki nthawi zonse. M'malo momafunsa stat() pafupipafupi, ndikufuna kernel izindiuza yokha wina akafuna kusintha fayilo. Imeneyi ndi ntchito ya lease yowerengera. Ndiye ndikutsegula ndi O_RDONLY, kenako n'kupempha lease ndi fcntl(fd, F_SETLEASE, F_RDLCK). Pa mafayilo ena onse zikuyenda, koma pali imodzi ikungobweza EAGAIN. Fayiloyo ndi yanga, ili pa ext4, ndipo palibe akuilemba panopa. Akuluakulu, chikuchitika n'chiyani?

Chisomo
Mwayang'ana /proc/sys/fs/leases-enable achimwene? Mwina ili pa 0.

Tiyamike
Ikanakhala pa 0 akanalandira EINVAL, ndipo akanakanidwa pa mafayilo onse, osati imodzi. Fayilo ikanakhala ya munthu wina, iwo alibe CAP_LEASE, ikanabwera EACCES. EAGAIN nkhani yake ndi ina. A Limbani, mwati palibe akulemba panopa. Kernel sifunsa zimenezo. Siyang'ana ngati wina akuitana write() mphindi ino. Imafunsa ngati pali amene anatsegula fayiloyo ndi chilolezo cholemba ndipo sanaitsekebe. Munthu angatsegule ndi O_RDWR m'mawa, osalemba ngakhale kadontho mpaka usiku, kwa kernel ameneyo ndi wolemba basi.

Limbani
Zikomo achemwali. Ndiye imasunga pati zimenezo?

Tiyamike
Mu struct inode, mmene kernel imasunga zokhudza fayilo iliyonse, muli kanambala kotchedwa i_writecount. Wina akatsegula kuti alembe, get_write_access() imakawonjezera ndi 1. Fayilo ikatsekedwa komaliza, put_write_access() imachotsapo 1. Mukapempha lease, mu fs/locks.c muli function yofufuza zimenezi, imene kwa zaka zambiri inkatchedwa check_conflicting_open(). Pa F_RDLCK ntchito yake ndi yochepa zedi: kanambalako kakaposa 0, mwakanidwa ndi EAGAIN. Palinso njira ina yopezera EAGAIN yomweyo, pamene lease ya wina pa fayiloyo ili mkati mothyoledwa chifukwa wolemba wafika kale pakhomo, koma imeneyo sikhalitsa. Yanuyi ngati ikukana nthawi zonse, alipo amene wagwira fayilo.

Limbani
Ndayendetsa lsof pa fayiloyo. Palibe fd (nambala ya fayilo yotsegulidwa) yokhala ndi w kapena u, zizindikiro za olemba. Ndikuona yanga yokha ya r.

Phiri_waSeva
Mwayendetsa ngati root? Mukapanda kutero lsof sikuonetsani ma process a anthu ena. Ndipo musamangoyang'ana manambala a fd, onaninso mizere yolembedwa mem. Njira yodalirika ndi iyi: tengani nambala ya inode ndi ls -i, muisake mu /proc/*/maps. Kusaka ndi dzina kumanamiza, chifukwa fayilo yomweyo ikhoza kuoneka ndi njira ina mu container kapena pa hard link.

Limbani
Mwalasa a Phiri. Pali ka daemon kena kamene kali nayo mu maps. Koma mzere wake ndi r--s, kakungowerenga. Ndipo fd yake kanatseka kale. Nanga kawerengedwa bwanji ngati wolemba?

Phiri_waSeva
Chifukwa chiwerengerocho sichitsata fd, sichitsatanso zilolezo za mmap, njira yoonera fayilo ngati gawo la memory. Chimatsata struct file, chinthu chimene open() imapanga mkati mwa kernel. Ka daemon kanuko kayenera kuti kanatsegula ndi O_RDWR, n'kuchita mmap, n'kutseka fd. Koma mapping imagwirabe struct file ija, ndiye __fput() sifika, ndipo i_writecount sitsika mpaka munmap() kapena process itafa. Zilibe kanthu kuti mapping ndi yowerengera chabe. Chofunika ndi mmene fayilo inatsegulidwira.

N'chimodzimodzi ndi dup() ndi fork(). Mutsegule kamodzi, mubereke ana khumi, chiwerengero chikhalabe pa 1, ndipo sichibwerera pa 0 mpaka mwana womaliza atatseka. Ambiri amagwa pamenepa: kholo latseka, koma mwana amene anatengera fd akadali moyo.

Sinthani ka daemon kaja kazitsegula ndi O_RDONLY, lease yanu idutsa.

Tiyamike
Koma a Limbani, musanasangalale, pali china chokhudza mafayilo a config. Lease ya F_SETLEASE imathyoka wina akatsegula fayilo kuti alembe kapena akaidula ndi truncate(). Sithyoka ndi rename() kapena unlink(). Tsono mapulogalamu ambiri osinthira config amalemba fayilo yatsopano pambali, kenako n'kuchita rename pamwamba pa yakale. Inu mudzakhala mutagwira lease pa inode yakale, palibe signal imene idzabwere, ndipo muzidzapereka zinthu zakale mosangalala. Mufunika inotify pa directory kuti muone zimenezo. Ubwino wa lease ndi woti imakuuzani kusinthako kusanachitike, ndipo wolembayo amaimitsidwa kudikira inu. Inotify imakuuzani zitachitika kale.

Musaiwalenso kubweza lease ndi F_UNLCK signal ikafika. Mukazengereza, open() ya mnzanuyo imangoima mpaka nthawi ya mu /proc/sys/fs/lease-break-time itakwana, imene mwa chizolowezi ndi masekondi 45. Amene watsegula ndi O_NONBLOCK sadikira, amalandira EWOULDBLOCK. Ngati muli ndi mafayilo ambiri gwiritsani F_SETSIG ndi SA_SIGINFO, kuti si_fd ikuuzeni kuti ndi iti. SIGIO yokha sinena.

Kondwani
Ine chimene chimandinyansa ndi chimenechi. Kernel ikudziwa kuti pali wolemba, koma singakuuze kuti ndi ndani. Munthu azisakasaka mu /proc ngati wataya singano? Bwanji osangosunga mndandanda wa onse amene atsegula inode kuti alembe? Ukapempha lease, iziyenda pa mndandandawo. Zikanathandiza ngakhale pa debugging.

Phiri_waSeva
Mndandanda umenewo akulipira ndani a Kondwani? Open() ndi close() iliyonse pa makina onse ikanafunika kutenga lock, kulowetsa kapena kuchotsa dzina. Ganizirani seva imene ma CPU ambiri akutsegula fayilo imodzi ya log. Onsewo azilimbirana lock chifukwa cha ma lease, amene mapulogalamu ochuluka sadzawapempha n'komwe. Kanambala ka atomic n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo.

Chinanso, i_writecount sinabwere chifukwa cha ma lease. Ma lease anafika ndi Linux 2.4, ntchito ya Matthew Wilcox ndi Stephen Rothwell m'chaka cha 2000, ndipo anapeza kanambalaka kalipo kale, kakugwira ntchito ya ETXTBSY. Iwo anangokabwereka.

Chisomo
ETXTBSY ndi ija ya "Text file busy" ukafuna kukopera pamwamba pa pulogalamu imene ikuyenda eti?

Phiri_waSeva
Yomweyo. Execve() imaitana deny_write_access(), imene imatsitsa kanambalako pansi pa 0. Ndiye kanambala kamodzi kakunena zinthu ziwiri. Kakakhala pamwamba pa 0, ndi chiwerengero cha olemba, ndipo exec ikanidwa. Kakakhala pansi pa 0, ndi chiwerengero cha oletsa kulemba, ndipo open yolembera ikanidwa. Poti inode_is_open_for_write() imangofunsa ngati kaposa 0, lease yowerengera pa binary imene ikuyenda imaloledwa bwinobwino.

Chisomo
Funso langa ndi ili. Tinene ine ndikupempha lease pa CPU imodzi. Kernel yaona i_writecount ili pa 0. Isanalembe lease yanga, pa CPU ina wina watsegula ndi O_WRONLY, wayang'ana ngati pali lease yoti athyole, sanapeze. Kenako lease yanga yalembedwa. Basi tonse tadutsa, ine ndili ndi lease, iye akulemba, ndipo palibe wandiuza. Sizingachitike?

Phiri_waSeva
Mwafunsa funso lenileni, ndipo zinkachitikadi. Mipata yake inali iwiri, mbali iliyonse wake.

Woyamba unali kwa wotsegula. Kale open inkaitana break_lease() koyambirira, mu may_open(), ndipo i_writecount inkakwezedwa pambuyo. Pakati pa ziwirizo, wopempha lease akanatha kufika, n'kuona 0, n'kupatsidwa lease imene palibenso adzaithyole. J. Bruce Fields anakonza zimenezi mu 2011 posuntha break_lease() kuti izibwera chiwerengero chitakwera kale. Mukawerenga do_dentry_open() mu fs/open.c lero muona ndondomeko yomweyo: kutenga write access poyamba, break_lease() pambuyo. Truncate nayo imachita chimodzimodzi, get_write_access() kenako break_lease().

Wachiwiri unali kwa wopempha lease. Break_lease() imayamba ndi kusuzumira popanda lock ngati inode ili ndi lease iliyonse, kuti open wamba isachedwe. Ndiye wotsegula akanatha kudutsa yense pakati pa kufufuza kwa generic_add_lease() ndi kulowetsa lease pa mndandanda. Al Viro ndi amene anauona mpatawu, Jeff Layton n'kuutseka. Panopa generic_add_lease() imafufuza kawiri ngati pali wolemba: poyamba, kenako italowetsa lease imaika barrier ya smp_mb() n'kufufuzanso. Ikapeza wolemba ulendo wachiwiriwo, imachotsa lease ija n'kubweza EAGAIN.

Zili ngati bafa la panja la anthu ambiri. Uyambe wapachika nsalu yako pa mpanda, kenako uyang'ane ngati pali nsalu ya wina. Nonse mukatsata zimenezo, ngakhale mufike nthawi imodzi, mmodzi mwa inu aona nsalu ya mnzake. Koma mukayamba ndi kuyang'ana, nonse mupeza mpanda uli mbee, n'kukakumana mkati. Wotsegula nsalu yake ndi i_writecount, wopempha nsalu yake ndi lease ya pa mndandanda. Barrier ija ndi yoletsa CPU kusinthanitsa kupachika ndi kuyang'ana.

Chisomo
Kkkk ndamva tsopano. Ndiye n'zotheka kuti onse awiri aonane?

Phiri_waSeva
N'zotheka, ndipo palibe choipa. Wopempha alandira EAGAIN, wotsegula apitirira. Choletsedwa n'choti onse asaonane.

Kondwani
Chabwino, za race (kupikisana kwa ma CPU kuja) ndavomera, nambala ikukwana. Koma a Tiyamike ndinu a NFS, tanenani zoona. Kumeneko nambala yokha imakwana?

Tiyamike
Sikwana, ndipo apa ndiye a Kondwani ali ndi mfundo. Ndifotokoze pang'ono kwa amene sagwira NFS, njira yogawana mafayilo pa network.

Mu NFSv4 seva ikhoza kupatsa client chotchedwa delegation. Ya read ndi lonjezo loti palibe wina asintha fayiloyi usanauzidwe, ndiye client imakhulupirira cache yake, ndipo ma open otsatira imawamaliza yokha osafunsa seva. Wina akafuna kulemba, seva imatumiza CB_RECALL, client n'kubweza ndi DELEGRETURN. Pa Linux, nfsd, seva ya NFS ya mu kernel, imamanga delegation pamwamba pa ma lease omwewa, okhala ndi chizindikiro cha FL_DELEG, kuti ngakhale pulogalamu ya pa seva pomwepo kapena Samba (pulogalamu yogawira mafayilo kwa makina a Windows pa SMB) ikatsegula fayilo, client iuzidwe. Mu /proc/locks amaoneka ngati DELEG, pamene a F_SETLEASE amaoneka ngati LEASE. Ma delegation amenewa, mosiyana ndi lease ya a Limbani, amathyokanso ndi rename, unlink ndi kusintha kwa ma attribute.

Vuto ndi loti kwa VFS, gawo la kernel limene open() iliyonse imadutsamo, wotsegula mafayilo onse ndi nfsd. Ma client akhale makumi angati, VFS imangoona nfsd. Tsono tinene client imodzi yokha yatsegula fayilo kuti ilembe, ndipo client yomweyo ikutsegulanso kuti iwerenge. Kuipatsa read delegation kulibe ngozi, chifukwa zolemba zake imazidziwa yokha. Koma i_writecount ikuti 1, ndipo sikunena kuti mmodziyo ndi yemwe akupemphayo. Kwa zaka zambiri yankho linali kukana basi.

Kondwani
Mwaona? Mndandanda uja ukanathetsa zimenezi.

Tiyamike
Dikirani kaye. Mndandanda wa mu VFS ukanakhala ndi mayina ati? Ukanangolemba nfsd, nfsd. VFS sidziwa kuti client n'chiyani. Amene amadziwa ndi nfsd, chifukwa ili ndi ma stateid, zizindikiro za open iliyonse ndi mwini wake.

Ndiye anachita zimenezo. Anasintha check_conflicting_open() kuti ikaona FL_DELEG izingobweza 0, kusiyira woitanayo ntchito yofufuza. Ku fs/nfsd/nfs4state.c kuli nfsd4_check_conflicting_opens(). Imawerenga i_writecount. Ikakhala 0, nkhani yatha, delegation iperekedwe. Ikapanda kutero, nfsd imachotsera zake: pa fayilo iliyonse imasunga ma struct file ogawana mu fi_fds, imodzi ya O_WRONLY ndi imodzi ya O_RDWR, kaya ma client olemba ndi angati. Ikachotsera zimenezo n'kutsalabe kanthu, ndiye kuti pali wolemba amene sanadzere pa NFSv4, mwina wa pa seva pomwepo, mwina wa Samba kapena NFSv3, ndipo ikana. Pakapanda kutsala kanthu, imayenda pa ma stateid a fayiloyo kuona ngati pali open yolembera ya client ina. Ikapeza, EAGAIN.

Ndiye nambala ya VFS ikuyankha funso loti "kodi pali mlendo amene sindikumudziwa", ndipo mndandanda wa nfsd ukuyankha loti "mwa anthu anga, ndani akulemba".

Phiri_waSeva
Muwauzenso kuti sizinatheke ulendo umodzi. Bruce Fields analowetsa njira yoyamba mu 2020, ndipo mu 2021 anaichotsa yekha. Cholinga chinali kupereka delegation pamene client yopemphayo ndi yokhayo yolemba, koma code inkadalira ma nfs4_clnt_odstate, amene amasungidwa pa ma export (ma directory amene seva ikugawa) a mtundu wa pNFS okha. Pa ma export wamba client inkatha kulandira read delegation ngakhale wolemba ali client ina. Zotsatira zake ma client ankaphonya zimene anzawo alemba, ngakhale wolembayo atatseka ndipo wowerenga n'kutsegulanso. Lonjezo la close-to-open, loti wotsegula fayilo mnzake atatseka aona zonse zimene zinalembedwa, limene aliyense wa NFS amadalira, linathyoka. Zimene a Tiyamike afotokozazi ndi njira yachiwiri, ya chaka chomwecho cha 2021.

Kwa ine phunziro la nkhaniyi pa code ndi loti kukana delegation molakwika kumangochedwetsa zinthu, koma kuipereka molakwika kumapatsa anthu data yakale popanda error iliyonse. N'chifukwa chake paliponse pamene code ikukayika, imasankha EAGAIN.

Kondwani
Komabe a Phiri, kuchotserako kukundiopsa. Ukuwerenga nambala apa, ukuwerenga fi_fds apo, pakati pake wina akutseka fayilo. Si race inanso imeneyo?

Tiyamike
Anaiganizira. Mu function imeneyo muli barrier pakati pa kuwerenga i_writecount ndi kuyang'ana fi_fds. Potseka, nfsd imayamba yachotsa fayilo mu fi_fds, chiwerengero n'kutsika pambuyo. Ngozi ikanakhala kuona chiwerengero chitatsika kale koma fi_fds ikuonekabe yodzaza, chifukwa ukanachotsera kawiri n'kubisa wolemba weniweni wa kunja. Barrier imaletsa zimenezo. Ukalakwitsa mbali inayo, ukungokana delegation imene ikanaloledwa, ndipo client ipitiriza ntchito popanda iyo. Komanso nfsd imafufuzanso italowetsa lease, monga mmene a Phiri anenera za generic_add_lease().

Chisomo
Nanga lease yolembera, F_WRLCK? Imeneyo ikufuna kuti pasakhale wowerenga ngakhale mmodzi. Pali i_readcount?

Phiri_waSeva
Ilipo, koma ma lease anayamba kuigwiritsa mochedwa. Kale check_conflicting_open() inkangoyerekeza poyang'ana d_count ya dentry (dzina la fayilo mkati mwa kernel) ndi i_count ya inode. Zikaposa 1, inkati pali wina watsegula. Koma zinthu zambiri zimagwira dentry popanda kuwerenga fayilo: open ya O_PATH, komanso overlayfs kuyambira 4.19. Anthu ankakanidwa popanda chifukwa. Amir Goldstein anasintha zimenezi mu 2019, pa 5.3, potenga i_readcount imene IMA, gawo la chitetezo la kernel, inkagwiritsa kale. Panopa code imawerengera fayilo ya wopemphayo, n'kufuna kuti i_writecount ndi i_readcount zifanane ndendende ndi gawo lake lokha.

Limbani
Ndikutsatira mwakachetechete. Ndifunse za Samba, poti ku ntchito directory imodzi timaigawa pa SMB ndi pa NFS. Zonsezi zimagwira zokha?

Tiyamike
Mbali imodzi yokha. Smbd ikatsegula fayilo kuti ilembe, imeneyo ndi open wamba, i_writecount ikwera ndipo ma delegation a NFS athyoka. Koma kuti client ya Windows imene ili ndi oplock (lonjezo la SMB lofanana ndi delegation) iuzidwe pamene wa NFS watsegula, mufunika kernel oplocks = yes mu smb.conf, kuti smbd izitenga lease ku kernel. Kuyambira Samba 4.0 imabwera ili no. Ndipo mukaiyatsa, Samba imasiya kupereka level2 oplocks, ma oplock owerengera amene ma client ambiri angagawane, ndiye ma cache a owerenga ambiri achepa mphamvu. Muyeze ngati anthu amasinthadi mafayilo omwewo kuchokera mbali zonse ziwiri.

Palinso ichi. NFSv3 ilibe open kapena close, ndiye kuyambira 5.4 nfsd ili ndi filecache imene imasunga mafayilo ali otsegula kwa kanthawi pambuyo pa WRITE. Nthawi imeneyo i_writecount imakhala pamwamba pa 0 ngakhale client inamaliza kale. Anaika notifier: pulogalamu ya pa seva ikapempha lease ndi F_SETLEASE, nfsd imauzidwa kaye kuti itseke mafayilo osungidwa a inode imeneyo, kuti smbd isakanidwe chifukwa cha cache chabe. Ndipo wolemba wotereyu lsof singamuone, poti wagwira fayilo ndi kernel, osati process yokhala ndi fd.

Kondwani
Ndiye mwandibwezera pa dandaulo langa loyamba. Munthu wa pa seva adziwa bwanji amene wagwira?

Tiyamike
Kwa NFSv4 njira ilipo kuyambira 5.3. Lowani mu /proc/fs/nfsd/clients/. Client iliyonse ili ndi directory yake, info ikuuzani adiresi yake, ndipo states ikuonetsani open, lock ndi deleg iliyonse pamodzi ndi inode yake, komanso access ya ma open ndi ma deleg. Mufananize nambala ya inode ndi ya mu /proc/locks.

Chisomo
Funso lomaliza a Tiyamike. Mwati nfsd imachotsera ma fi_fds ake. Nanga inode imodzi ikamafikiridwa ndi ma filehandle (zizindikiro za fayilo zimene seva imapatsa client) awiri osiyana, monga pa ma export awiri olowerana? Ma fi_fds sakhala awiriawiri?

Tiyamike
Amakhala, chifukwa nfs4_file, mmene mumakhala fi_fds, imapangidwa pa filehandle, osati pa inode. Nfsd ikazindikira kuti inode imodzi ili ndi ma nfs4_file oposa imodzi, imaika fi_aliased. Pamenepo, i_writecount ikangokhala yosakhala 0, nfsd4_check_conflicting_opens() sivutikanso kusaka ma client a mbali inayo, imabweza EAGAIN pompo. Ndiye ngati muli ndi ma export olowerana ndipo mukuona ma DELEG ochepa pa mafayilo amene akulembedwa, yang'anani /etc/exports musanayambe kukayikira network.